Nthambo Kapena Mafunde? Za Kulumikiza Makompyuta pa Masiteshoni a Zaulimi

Ntchito yambiri imene kale inkachitika ndi pensulo ndi buku la mizere pa masiteshoni a kafukufuku wa zaulimi, masiku ano ikuchitika pa kompyuta. Ku Chitedze ndi ku Bvumbwe m'Malawi, ku Msekera ndi ku Mount Makulu m'Zambia, ku Sussundenga m'Mozambique, ngakhalenso ku Matopos m'Zimbabwe, kulemera kwa zokolola za m'minda yoyesera, kuchuluka kwa mvula, zotsatira za kupima nthaka ndi malipoti a alangizi, zonsezi zimadutsa m'makina amenewa. Koma kompyuta yokhala payokha ili ngati nkhokwe yopanda potapira: chimanga chilimo, koma palibe wochidya. Kuti ntchito iyende, makompyuta a pamalo amodzi ayenera kulumikizidwa, kuti wasayansi wa m'labotale, mlembi wa muofesi ndi mlangizi wobwera kudzatenga uthenga azitha kupatsana zolembedwa. Njira zolumikizira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya nthambo, zamkuwa kapena zagalasi. Yachiwiri ndi ya mafunde a wailesi, imene anthu ambiri amaidziwa ndi dzina lakuti Wi-Fi.

Funso lakuti pasankhidwe njira iti limaoneka ngati la amisiri okhaokha, ndipo chifukwa cha ichi alangizi ndi akuluakulu a masiteshoni amalisiya m'manja mwa wogulitsa zipangizo. Kutero n'kulakwa, pakuti amene amavutika netiweki ikafooka si wogulitsayo ayi, koma mlangizi amene wayenda mtunda wautali pa njinga yamoto kudzatumiza lipoti la tizilombo, n'kupeza kuti sizitheka. Poyang'ana nyumba, nyengo ndi magetsi a m'chigawo chino, yankho loyenera ndi ili: chipangizo chilichonse chimene sichisuntha chilumikizidwe ndi nthambo, ndipo mafunde asiyiridwe zinthu zoyenda nazo ndi mitunda imene nthambo singafike. M'zaka zapitazi malo ambiri achita zosemphana ndi zimenezi.

Zifukwa zimene Wi-Fi imakondedwera n'zomveka, ndipo si bwino kuzinyoza. Kabokosi kotchedwa router kamagulidwa m'mawa, pofika masana anthu ayamba kale kugwira ntchito. Sipafunika kukumba ngalande, kuboola zipupa, kapena kupempha chilolezo kwa oyang'anira nyumba za boma. Mafoni a m'manja ndi matabuleti alibe pobayira nthambo, ndipo malaputopu ambiri atsopano nawonso alibe. Pamwamba pa izi pali kayendedwe ka mapulojekiti a zaka zitatu kapena zisanu: ndalama zimabwera mochedwa, ziyenera kutha chaka cha ndalama chisanatsekedwe, ndipo chinthu chogulika msanga ndicho chimagulidwa. Ngalande yokwiriridwa ilibe chithunzi chokongola choika m'lipoti lopita kwa opereka thandizo. Komatu akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuti munthu aone nyererezo, ayenera kudziwako pang'ono mmene njira ziwirizi zinayambira. Ambiri amaganiza kuti nthambo ndi yachikale ndipo mafunde ndi amakono, koma mbiri yake siili choncho. M'chaka cha 1971, pa Yunivesite ya Hawaii, Norman Abramson ndi anzake analumikiza makompyuta ndi wailesi, netiweki imene anaitcha ALOHAnet. Vuto limene anakumana nalo linali lakuti makina awiri akalankhula pa nthawi imodzi, mauthenga awo ankagundana m'mlengalenga n'kuwonongeka, ndipo onse awiri ankayenera kudikira kenaka n'kubwereza. Robert Metcalfe, amene ankagwira ntchito ku kampani ya Xerox mumzinda wa Palo Alto, anaphunzira ntchito imeneyi, ndipo m'chaka cha 1973 anatengera nzeruyo pa nthambo. Ichi ndi chiyambi cha Ethernet, imene ndiyo netiweki ya nthambo yopezeka m'maofesi pafupifupi onse. Poyamba nayo Ethernet inali ya nthambo imodzi yogawana, koma m'zaka za m'ma 1990 kunafala kachipangizo kotchedwa switch, kamene kamapatsa kompyuta iliyonse njira yakeyake, yopitira ndi yobwerera. Kugundana kuja kunatheratu pa nthambo. M'mlengalenga sikunathe.

Wi-Fi ili ngati bwalo la kwa amfumu. Anthu akakhala atatu, aliyense amalankhula momasuka. Akakhala 40, aliyense ayenera kudikira mnzake atsirize, ndipo nkhalamba yolankhula mokoka mawu, imene yakhala kutali ndi mpando, imachedwetsa bwalo lonse. Momwemonso foni yakale imene ili kumapeto kwa khonde, kumene mafunde ndi ofooka, imatenga nthawi yaitali potumiza kanthu kakang'ono, ndipo nthawi yonseyo ena akudikira. Mitundu yatsopano ya Wi-Fi yachepetsako vutoli ndithu, koma mlengalenga ndi umodzi basi.

Nambala zolembedwa pa katoni ya router zimanamiza ambiri pa chifukwa chomwechi. Muyeso woyamba wa Wi-Fi, wa m'chaka cha 1997, unkafika mamegabiti 2 pa sekondi. M'chaka cha 1999 anafika 11, m'chaka cha 2003 mtundu wofala unafika 54, ndipo makatoni a lero amalonjeza mazana kapena zikwi. Koma nambala imeneyi ndi ya anthu onse pamodzi, ndiponso imapezeka pokhapokha chipangizo chikhale pafupi, popanda chotchinga. Zimene zimafika kwenikweni kawirikawiri zimakhala theka kapena kucheperapo. Nthambo yamkuwa, kuyambira m'chaka cha 1999, imatha kunyamula mamegabiti 1,000 pa sekondi kwa kompyuta iliyonse payokha, kupita ndi kubwera nthawi imodzi, pa utali wofika mamita 100. Wina anganene kuti lipoti la mlangizi ndi laling'ono ndipo silifuna liwiro lotero. Zoonadi. Koma pa siteshoni yomweyo pali zithunzi za minda yoyesera zojambulidwa ndi tindege topanda woyendetsa, mamapu ochokera ku masetilaiti, ndi ntchito yosunga makope a zolembedwa zonse tsiku ndi tsiku. Zimenezi zikamayenda m'mlengalenga momwemo, lipoti laling'ono lija ndilo limakanirira panjira.

Palinso nkhani ya nyumba. Router zambiri zogulitsidwa m'masitolo zinapangidwa poganizira nyumba za zipupa zopyapyala. Masiteshoni ambiri a m'chigawo chino anamangidwa mayiko asanalandire ufulu, ndi njerwa zootcha zochindikala, madenga a malata ndi makonde aatali. Njerwa zimafooketsa mafunde, malata amawabweza, ndipo chipinda chozizira chosungiramo mbewu, chokutidwa ndi zitsulo mbali zonse, sichiwalola n'komwe kulowa. Madzi nawonso amameza mafunde, ndipo masamba a mitengo ndi odzaza madzi. N'chifukwa chake kulumikiza kumene kunayesedwa m'chilimwe, mitengo ili mbee, kumatha kufooka m'mwezi wa Januwale mitengo itaphukira ndipo masamba ali chinyowere, nthawi yomwe alangizi ali ndi zambiri zotumiza. M'labotale muli chosokoneza china chimene ambiri sachiganizira: uvuni wa microwave, umene amaumitsira kapena kusungunulira zinthu zopima, umagwira pa 2.45 GHz, m'dera lomwelo la 2.4 GHz limene Wi-Fi yambiri imadutsa. Ndipo m'dera limeneli muli njira zitatu zokha zosapondana. Pulojekiti iliyonse ikabweretsa router yakeyake m'nyumba imodzi, monga zimachitikira, zonse zimalankhulirana pamwamba, ndipo kuwonjezera ina kumangowonjezera phokoso.

Mavuto a nthambo

Nthambo nayo ili ndi adani ake, ndipo amene akuilimbikitsa ayenera kuwatchula mosabisa. Makoswe amaitafuna m'denga. Khasu la wolima maluwa ndi pulawo ya thirakitala zimaidula pansi. Akuba amaizula pofuna mkuwa. M'misika muli nthambo zotsika mtengo zimene m'kati mwake ndi aluminiyamu wopakidwa mkuwa pamwamba pokha. Zimathyoka msanga, zimatentha zikanyamula magetsi, ndipo sizikwanitsa mamita 100 aja. Wogula angazizindikire popala waya mmodzi ndi mpeni: akaona zoyera m'kati, adziwe kuti wanamizidwa. Mavuto onsewa ali ndi mankhwala odziwika, ndiwo kuika nthambo m'mapaipi, kukumba ngalande yakuya kuposa pofika pulawo, ndi kugula mosamala.

Mdani wamkulu kwambiri ndi mphezi, ndipo apa m'pofunika kufatsa. Chigawo chapakati cha Africa ndi amodzi mwa malo amene mphezi zimagwa kwambiri pa dziko lonse lapansi, makamaka kum'mawa kwa dziko la Congo, ndipo mayiko a kumwera kwake sali kutali pa chiwerengero. Mphezi siichita kufuna kumenya nyumba yeniyeniyo kuti iwononge. Ikagwa pa mtengo wapafupi, mphamvu yake imayenda m'nthaka, ndipo kwa kanthawi kochepa nthaka ya pansi pa ofesi ndi ya pansi pa labotale zimasiyana mphamvu ya magetsi kwambiri. Ngati pali nthambo yamkuwa yolumikiza nyumba ziwirizo, mphamvuyo imapeza njira yosavuta yodutsa, ndipo imapsereza zipangizo za mbali zonse ziwiri. Anthu ambiri amene anataya chikhulupiriro mwa nthambo anachitaya pa chifukwa chimenechi: anakoka waya wamkuwa kuchoka pa denga lina kupita pa lina, mvula yoyamba inabwera, ndipo zonse zinapsa.

Cholakwika pamenepa si nthambo ayi, koma mtundu wake. Mkuwa ndi wa m'kati mwa nyumba imodzi. Pakati pa nyumba ndi nyumba payenera kudutsa nthambo yagalasi, imene ambiri amaitcha faiba. M'kati mwake mumayenda kuwala, osati magetsi, motero mphezi ilibe podutsa, malinga ngati nthamboyo ndi yopanda chitsulo chilichonse m'chikopa chake. Faiba siima pa mamita 100. Mtundu wina umafika mamita 550, ndipo wina makilomita 10 kapena kupitirira popanda chowonjezera mphamvu panjira. Kwa wakuba ilibe phindu, ngakhale kuti wakuba wosadziwa amaidulabe n'kuitaya patsogolo, chimene ndi chifukwa china choikwiririra mozama. Kale chodandaulitsa chinali chakuti kulumikiza nsonga za faiba kumafuna makina odula ndi mmisiri wochokera kumzinda. Lero faiba imagulitsidwa yomangidwa kale nsonga zake, pa utali umene wogula wapempha, ndipo ntchito yotsala ndi yokumba ndi kuyala, imene antchito a pa siteshoni amaidziwa kuposa mmisiri wa kumzindayo.

Kumene mafunde alibe opikisana nawo

Zonsezi sizitanthauza kuti mafunde achotsedwe. Pali ntchito zimene palibe china chingagwire. Munda woyesera umene uli kuseri kwa mtsinje, ofesi ya alangizi imene ili makilomita 15 kuchokera pa siteshoni, kapena kasiteshoni kakang'ono ka kuphiri, sizingadikire ngalande. Apa timbale tiwiri toyang'anizana, tokwezedwa pa milongoti, timagwira ntchito yodabwitsa. M'chaka cha 2007, Ermanno Pietrosemoli ndi anzake analumikiza mapiri awiri a ku Venezuela otalikirana makilomita 382 pogwiritsa ntchito zipangizo za Wi-Fi. Chaka chotsatira, akatswiri a bungwe la ICTP la ku Trieste pamodzi ndi a Yunivesite ya Malawi analumikiza Blantyre ndi Mangochi kudzera pa phiri la Zomba, pofuna kuthandiza ntchito za chipatala. Ku Macha, m'chigawo cha kumwera kwa Zambia, anthu a m'deralo anamanga netiweki ya mafunde yolumikiza chipatala, masukulu ndi nyumba, kutali ndi mzinda uliwonse. M'chaka cha 2013, ku Zomba kunayesedwa njira yotumizira intaneti pa mafunde a wailesi yakanema amene sakugwiritsidwa ntchito, mogwirizana ndi bungwe la MACRA. Mafunde amenewa ndi aatali, ndipo amapirira mitengo ndi zitunda kuposa a Wi-Fi.

Chofunika kuona pa zitsanzo zimenezi n'chakuti panalibe ndi chimodzi chomwe chimene chinali kabokosi koikidwa pawindo. Panali kuyeza mtunda, kukwera mapiri, kumanga milongoti ndi kuiteteza ku mphezi. Timbale tiwiri tiyenera kuonana maso ndi maso, ndiponso sikokwanira kuti kachingwe kongoganizira kadutse pakati pa nthambi. Mafunde amafuna mpata wotakasuka mozungulira njira yawo, wokula kwambiri pakatikati pa mtundawo. Mtengo wa bulugamu umene unali waufupi chaka chomangira, pakatha zaka zinayi udzakhala utalowa m'njira. Komanso mlengalenga uli ndi malamulo: MACRA m'Malawi, ZICTA m'Zambia, INCM m'Mozambique ndi POTRAZ m'Zimbabwe ndiwo amanena mafunde ololedwa ndi mphamvu yake, ndipo chololedwa tsidya lino la malire sichikhala chololedwa tsidya linalo nthawi zonse. Alangizi a ku Mchinji ndi Chipata, kapena a ku Dedza ndi Angónia, amene amabwerekana nzeru ndi zipangizo, ayenera kukumbukira zimenezi.

Tizipangizo toyezera mvula, chinyezi cha m'nthaka ndi kutentha, tomwazikana m'minda, natonso ndi ta mafunde. Wi-Fi siitiyenera, chifukwa imadya batire ndipo siifika patali. Pali njira ina yotchedwa LoRa, yonyamula manambala ochepa chabe koma pa makilomita angapo, ndi batire lokhala miyezi yambiri kapena zaka.

Ndipo mlangizi ali kumunda, foni ndiyo chida chake. Mbozi ya ntchemberezandonda yachilendo itapezeka mu Africa m'chaka cha 2016 n'kufalikira m'minda ya chimanga ya kumwera kuno m'nyengo ya 2016 mpaka 2017, liwiro la uthenga linakhala nkhani ya chakudya cha mabanja. M'chaka cha 2018 bungwe la FAO linatulutsa pulogalamu ya pafoni yotchedwa FAMEWS, yolembera zimene mlangizi wapeza m'munda ndi m'misampha. Mapulogalamu monga ODK ndi KoboToolbox amalola kulemba mafomu kumalo kopanda netiweki n'kudzawatumiza pambuyo pake. Mlangizi wotere akafika pa siteshoni amafuna Wi-Fi yabwino pa khonde ndi m'chipinda cha misonkhano. Adzaipeza yabwino pokhapokha ngati makompyuta a m'maofesi, makina osindikizira ndi makamera achotsedwa m'mlengalengamo n'kuikidwa pa nthambo. Wolimbikitsa nthambo ndiye bwenzi lenileni la wogwiritsa ntchito foni.

Intaneti ndi chinthu china, netiweki ya pakhomo ndi chinanso

Pali kusokoneza kumodzi kumene kwafala, kwakuti Wi-Fi ndiyo intaneti. Alangizi achikulire, amene anaona masiku a kalata za pa kompyuta zotumizidwa usiku kudzera pa lamya, kampani ya ZAMNET isanabweretse intaneti yathunthu ku Lusaka m'chaka cha 1994, sasokonezeka motero, pakuti anaona ndi maso kuti njira yotulukira kunja ndi ina, ndipo njira za m'kati mwa mpanda ndi zina. Intaneti imafika pa chipata cha siteshoni m'njira zosiyanasiyana: faiba ya kampani ya lamya, nsanja ya mafoni, kapena setilaiti. Mabungwe olumikiza mayunivesite ndi malo a kafukufuku, monga MAREN m'Malawi, ZAMREN m'Zambia ndi MoRENet m'Mozambique, amene ali m'mgwirizano wa UbuntuNet Alliance wokhala ndi likulu lake ku Lilongwe, agwira ntchito yaikulu yotsitsa mtengo wake. M'chaka cha 2023 kampani ya Starlink inayamba kugwira ntchito m'Mozambique, m'Malawi ndi m'Zambia, ndipo m'Zimbabwe inayamba m'chaka cha 2024. Kwa kasiteshoni kakutali imeneyi ndi nkhani yabwino zedi. Koma kambale ka setilaiti kamangofikitsa madzi pa chitsime. Sikawagawa m'nyumba khumi zomwazikana pa mahekitala ambiri. N'zomvetsa chisoni kuona intaneti yamphamvu, yolipiridwa mwezi ndi mwezi, ikuthera m'chipinda chimodzi cha bwana chifukwa chosowa mamita 300 a faiba.

Ndiponso zimene anthu amazitcha zopanda nthambo, zambiri zimayenda pa nthambo kumene maso saona. Nsanja za mafoni zimadalira faiba ya m'mbali mwa misewu, ndipo faibayo imakathera ku nthambo za pansi pa nyanja, monga SEACOM imene inayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2009 ndi EASSy ya m'chaka cha 2010. Pa 12 Meyi 2024 nthambo ziwirizi zinaduka kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal, ndipo intaneti inafooka m'Tanzania, m'Malawi, m'Mozambique ndi m'mayiko ena kwa masiku angapo. Namondwe wa Idai atagunda mzinda wa Beira m'mwezi wa Malichi 2019, mzindawo unakhala wosalankhulana ndi kunja. Zotere zidzachitikanso. Siteshoni imene ili ndi netiweki yakeyake ya m'kati, ndi kompyuta imodzi yosungira zolembedwa za onse, imapitiriza ntchito ngakhale njira yakunja itatsekeka: zoyeza za m'munda zimalowetsedwa, makope amasungidwa, mafomu a alangizi amalandiridwa n'kudikira. Siteshoni imene munthu aliyense amadalira foni yake ndi makina osungira a kutsidya kwa nyanja, imangokhala manja lende.

Magetsi akuphunzitsa chimodzimodzi. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira m'mwezi wa Januwale 2022, dziko la Malawi linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi a m'nyanja ya Kariba, m'Zambia ndi m'Zimbabwe magetsi ankazima maola ambiri patsiku. Router zomwazikana m'maofesi, iliyonse ndi pulagi yake, zimazima zonse nthawi imodzi, ndipo magetsi akabwera ndi mphamvu zimapsa imodziimodzi. Koma kuyambira m'chaka cha 2003 pali muyeso wolola nthambo ya Ethernet kunyamula uthenga ndi magetsi omwe. Motero switch imodzi, yokhala m'chipinda chokiyidwa pamodzi ndi mabatire ake ochajidwa ndi dzuwa, imatha kudyetsa tizipangizo tonse ta Wi-Fi ta m'nyumbamo. Malo oteteza amakhala amodzi, mabatire osamala amakhala pamodzi, ndipo Wi-Fi imayakabe magetsi a m'dziko atazima. Apanso zikuoneka kuti mafunde odalirika amaima pa nthambo.

Za chitetezo sizifuna mawu ambiri. Kuti munthu alowe pa netiweki ya nthambo ayenera kulowa m'nyumba. Mafunde amadumpha mpanda okha. Loko woyamba wa Wi-Fi, wotchedwa WEP, anathyoledwa m'chaka cha 2001, ndipo m'malo mwake munabwera WPA2 m'chaka cha 2004 ndi WPA3 m'chaka cha 2018. Maloko atsopanowa ndi olimba, koma loko alibe ntchito ngati kiyi ali ndi aliyense. Mawu achinsinsi akalembedwa pa bolodi tsiku la maphunziro, pakatha sabata amakhala atafika ku nyumba za antchito ndi ku golosale ya pachipata. Kutha kwa bando ndi vuto laling'ono. Lalikulu ndi lakuti m'makompyuta a alangizi muli mayina a alimi, manambala awo a foni ndi malo a minda yawo, ndipo mayiko a Zambia ndi Zimbabwe anakhazikitsa malamulo oteteza zinthu zotere m'chaka cha 2021, pamene Malawi anatero m'chaka cha 2024. Wi-Fi ya alendo iyenera kupatulidwa ku netiweki ya ntchito, ndipo zipangizo zabwino zimalola zimenezi popanda kugula china.

Otsutsa adzanena za mtengo, ndipo pa tsiku logula iwo ndiwo olondola: ngalande, mapaipi, nthambo ndi mmisiri zimaposa mtengo wa router zisanu. Koma kuwerengera kwa tsiku limodzi si kuwerengera kwa mlimi, amene amadziwa kusiyana kwa kubzala chimanga ndi kubzala mtengo wa mango. Nthambo ya mtundu wa Cat5e imene inayalidwa bwino zaka 20 zapitazo ikunyamulabe mamegabiti 1,000 lero, pamene m'zaka zomwezo Wi-Fi yasintha mibadwo ingapo, ndipo m'badwo uliwonse umafuna zipangizo zatsopano. Chimene chimakalamba msanga chiyenera kukhala chosavuta kuchotsa pakhoma. Chimene chimakhalitsa ndicho chiyenera kulandira ndalama zambiri za poyamba. Opereka thandizo amene amavomera kugula galimoto sangakane ngalande ngati wina atawafotokozera bwino ndi kuiika m'bajeti kuyambira pachiyambi.

Chimene chimagwetsa netiweki zambiri, za nthambo ndi za mafunde zomwe, ndi kuchoka kwa munthu mmodzi amene ankadziwa kayendedwe kake. Mmisiri wa kontirakiti amapita, wachinyamata wa pulojekiti amapeza ntchito kumzinda, ndipo otsala sadziwa kuti waya wabuluu wa m'denga akuchokera kuti, kapena mawu achinsinsi olowera mu router anali otani. Pa ichi nthambo ili ndi mwayi wina, wakuti vuto lake limaoneka: kanyali ka pa switch kakazima, munthu wophunzitsidwa masiku awiri amatsata waya n'kupeza poduka. Vuto la mafunde limabwera n'kupita, lero lilipo mawa palibe, ndipo kulisaka kumafuna zida ndi luso zimene sizipezeka kutali ndi mizinda.

Alangizi sachita kukhala amisiri kuti alankhulepo. Pamene ofesi ikumangidwa kapena kukonzedwa, angathe kufunsa ngati mapaipi a nthambo aikidwa m'khoma pulasitala asanamatidwe, pakuti pa nthawi imeneyo mtengo wake ndi wochepa kwambiri. Pamene ngalande ya madzi ikukumbidwa pakati pa nyumba ziwiri, angathe kupempha kuti paipi ina yopanda kanthu igonekedwe m'mbali mwake, ndi chingwe chokokera m'kati. Pamene wogulitsa akulonjeza kuti kabokosi kamodzi kakwanira siteshoni yonse, angathe kumuuza kuti akayese ali kuseri kwa chipinda chosungira mbewu, zitseko zili zotseka, anthu 20 atalumikiza mafoni awo. Ndipo ntchito ikatha, asanasainire kuti alipidwe, mmisiri asiye zinthu zitatu: mapu osonyeza pamene nthambo iliyonse yadutsa, manambala olembedwa pa nsonga zonse ziwiri za waya aliyense, ndi envulopu yomata ya mawu achinsinsi, yosungidwa m'kabati ya mkulu wa siteshoni pamodzi ndi mabuku a minda yoyesera.